MANKHWALA OTSEGULA MITSEMPHA NDI NTHENDA YA TIMIBULU TA M'MAGAZI

M'zipatala zambiri za m'dziko muno, m'kabati ya ku chipinda cha amayi oyembekezera mumakhala timabotolo ting'onoting'ono ta mankhwala otchedwa hydralazine. Mayi wapakati akafika magazi akuthamanga mopitirira muyeso, mutu ukuwawa, maso akuchita chidima, anamwino amathyola kabotolo kamodzi n'kubaya mankhwalawo mumtsempha pang'onopang'ono. Zisanathe mphindi 20 kapena 30, magazi aja amayamba kuyenda mofatsa, ndipo ngozi yakuti mtsempha wa mu ubongo ungaphulike imachepa. Amayi ambiri amene lero ali kudimba ndi mwana kumbuyo adapulumuka m'njira yotere.

Mankhwala omwewa alipo a mapiritsi, amene anthu ena odwala nthenda ya kuthamanga kwa magazi kapena ya kufooka kwa mtima amamwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi ndi zaka. Apa ndi pamene mawu a akulu aja akuti walira mvula walira matope amapherezera. Mwa anthu omwa mapiritsiwa nthawi yaitali, owerengeka amagwidwa ndi nthenda ina yachilendo, imene thupi limatembenukira mwini wake ndi kuyamba kudzimenya lokha. Nanga mankhwala amene ntchito yake ndi kutsegula mitsempha angasokoneze bwanji chitetezo cha m'thupi? Nanga n'chifukwa chiyani nthendayi igwira uyu n'kusiya uyo, chonsecho onse awiri akumwa mapiritsi amodzimodzi? Mafunso awiriwa adatangwanitsa akatswiri a ku Amereka ndi ku Mangalande kwa zaka zoposa 30.

Kumene mankhwalawa adachokera

Hydralazine adapangidwa mumzinda wa Basel m'dziko la Switzerland, ku kampani ya Ciba, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Akatswiri a kumeneko ankafunafuna mankhwala a malungo, koma poyesa zimene adapangazo adaona kuti zikutsitsa kuthamanga kwa magazi. M'chaka cha 1953 boma la Amereka lidavomereza kuti mankhwalawa azigulitsidwa, ndipo adadziwika ndi dzina lakuti Apresoline.

Madokotala adawalandira ndi manja awiri, pakuti masiku amenewo munthu wa magazi othamanga kwambiri adalibe pogwira penipeni. Ngakhale mtsogoleri wa dziko la Amereka, Franklin Roosevelt, adamwalira mu April 1945 mtsempha wa mu ubongo utaphulika kaamba ka nthenda yomweyi, madokotala ake akusowa chochita.

Kagwiridwe ntchito ka mankhwalawa n'kosavuta kumva. Timitsempha totenga magazi kuchokera ku mtima tili ndi minofu m'mbali mwake. Minofuyo ikakungika, njira ya magazi imachepa, ndipo mtima umakankha mwamphamvu kuti magazi adutse, monga mmene madzi amathamangira munthu akafinya kukamwa kwa paipi yothirira mbewu. Hydralazine amamasula minofu imeneyi, njira n'kutakasuka, magazi n'kumayenda mosavutikira. Koma thupi likaona kuti mitsempha yatseguka, limafulumizitsa kugunda kwa mtima ndi kusunga madzi ndi mchere. N'chifukwa chake munthu womwa mapiritsiwa nthawi yaitali amapatsidwanso ena odekhetsa mtima ndi ena okodzetsa.

Matope atulukira

Chisangalalo cha madokotala sichidakhalitse. M'chaka chomwecho cha 1953, Henry Schroeder, H. Mitchell Perry ndi anzawo, a mumzinda wa St. Louis, adalemba za odwala ena amene adayamba kudandaula zachilendo atamwa mankhwalawa kwa miyezi ingapo. Chaka chotsatira, Harriet Dustan ndi anzake a mumzinda wa Cleveland adaona zomwezo. Odwalawo ankamva kuwawa ndi kutupa molumikizana mafupa ngati nyamakazi, makamaka m'zala ndi m'mikono. Thupi linkatentha, minofu inkaphwanya, ena ankamva chibayo popuma, ena ankatuluka zidzolo. Masiku amenewo mlingo wa mankhwala udali waukulu: mamiligalamu 400 pa tsiku, ndipo ena ankapitirira pamenepo.

Madokotala adazizwa poona kuti zizindikirozi zidali zofanana ndi za nthenda imene ankaidziwa kale, yotchedwa lupus. Lupus ndi nthenda imene asilikali a m'thupi amalephera kusiyanitsa mlendo ndi mwini mudzi, motero amayamba kulimbana ndi ziwalo za munthu yemwe amayenera kumuteteza. Imakonda kugwira amayi a msinkhu wobereka, ndipo ikagwira munthu imakhala naye moyo wake wonse, ikumagona ndi kumadzuka. Koma lupus ya hydralazine idali ndi khalidwe lina: wodwala akaleka mankhwala, zizindikiro zambiri zinkazilala patapita masiku kapena masabata owerengeka. Apa akatswiri adazindikira kuti ali ndi mwayi wosowa. Adali ndi nthenda imene choyambitsa chake chikudziwika, tsiku loyamba kumwa likudziwika, ndi mlingo wake ukudziwika. Kuimvetsa bwino kukadawathandizanso kumvetsa lupus yobwera yokha ija.

Zinyalala za pambuyo pa nkhondo

Kuti zimene adapeza zimveke, pafunika kuyamba taona mmene thupi limadziyeretsera likamenya nkhondo. Kachilombo kakalowa m'magazi, thupi limapanga timapuloteni totchedwa antibody. Ntchito ya antibody ndi kukakamira mdani, monga chisoso chimakakamirira pa chovala. Ma antibody angapo akagwirana ndi tizidutswa ta mdaniyo, pamapangika kam'bulu. Akatswiri amatcha kam'bulu kotere immune complex. Timibulu timeneti timapangika mwa munthu aliyense tsiku lililonse, ndipo si nthenda ayi. Vuto limadza pamene tachuluka, takula, n'kusowa wotichotsa.

Woyamba kuona kuopsa kwake adali madokotala awiri a ana a mumzinda wa Vienna, Clemens von Pirquet ndi Béla Schick, m'chaka cha 1905. Masiku amenewo ana odwala nthenda ya pakhosi yotchedwa diphtheria ankabayidwa madzi a m'magazi a kavalo, amene mudali ma antibody olimbana ndi ululu wa nthendayo. Ana ambiri ankachira, koma patapita masiku 8 mpaka 12 ena ankatentha thupi, kutuluka zidzolo ndi kumva kuwawa molumikizana mafupa. Madokotala awiriwo adaganiza kuti thupi la mwana likupanga ma antibody akeake olimbana ndi mapuloteni a kavalo, ndipo kukumana kwa ziwirizi ndiko kukudwalitsa mwanayo. M'zaka za m'ma 1950, Frank Dixon wa ku Pittsburgh adatsimikiza ganizoli poyesa pa akalulu. Adawabaya puloteni ya m'magazi a ng'ombe, ndipo adaona kuti impso, mtima ndi mitsempha ya akaluluwo zidayamba kutupa pa nthawi yomwe timibulu tidachuluka m'magazi.

Timibulu tikamayendayenda m'magazi timakodwa pamalo pamene magazi amasefedwa kapena kudutsa mopanikizika: molumikizana mafupa, pakhungu, pa nembanemba yokuta mapapo ndi mtima, ndiponso mu impso. Impso iliyonse ili ndi tosefera pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo impso ziwiri zimasefa malita pafupifupi 180 a madzi a m'magazi pa tsiku. Kam'bulu kakakodwa pa sefa, maselo oyera a m'magazi amathamangirako kuti akakadye, ndipo polimbana napo amaononga ndi sefa yomwe. Nthenda za mtundu umenewu si za kutali kokha. Mwana amene nkhope imatupa ndipo mkodzo wake umafiira patapita masabata angapo chidwalire zilonda za pakhungu kapena za pakhosi, kawirikawiri amakhala kuti timibulu totere takodwa mu impso zake.

Chizindikiro pa belo

Nanga mwa munthu wabwinobwino timibulu timachoka bwanji? M'magazi muli gulu lina la mapuloteni, oposa 30, lotchedwa complement. Katswiri wa ku Belgium, Jules Bordet, ndiye adaonetsa ntchito yake m'zaka za m'ma 1890. Mapuloteniwa ali ndi manambala, ndipo amadzutsana motsatana. Kam'bulu kakangopangika, C1 amakazindikira n'kudzutsa C4. C4 amadzimata pa kam'buluko, ndipo pamene wamatapo ndi pamene pamakonzedwa malo oti C3 adzamate mochuluka.

Kumatidwa kumeneku kuli ndi phindu liwiri. Loyamba, kam'bulu kokutidwa ndi C4 ndi C3 sikathanso kugwirana ndi tinzake n'kusanduka chim'bulu chachikulu. Lachiwiri, kamakhala kalandira chizindikiro cha ulendo. Mlimi wa fodya amadziwa kuti belo lopanda chizindikiro silikwera lole yopita ku okushoni. Limatsala pa shedi mpaka kuonongeka. M'thupi, malole ndi maselo ofiira a m'magazi. Pakhungu pa selo lofiira lililonse pali tingowe totchedwa CR1, timene timakola C3 ndi C4. Motero selo lofiira limanyamula kam'bulu kaja kupita nako ku chiwindi ndi ku kapamba, kumene maselo ena akuluakulu amakachotsa ndi kukadya, selo lofiira lija n'kupitiriza ulendo wake lili bwinobwino. Kukakamira kumeneku kudafotokozedwa ndi Robert Nelson m'chaka cha 1953, ndipo m'chaka cha 1983 akatswiri a ku Ohio adaonetsa ulendo wonsewu poyesa pa anyani.

Umboni wakuti ntchitoyi ndi yofunika udachokera kwa anthu owerengeka amene amabadwa opanda C1 wokwanira kapena opanda C4 konse. Munthu akadaganiza kuti chitetezo chawo chikhala chofooka basi. Koma ambiri mwa iwo amadwala lupus, kawirikawiri akadali ana. Kumene kulibe womata zizindikiro, mabelo amaunjikana.

Ochedwa ndi ofulumira

Pamene ena ankafufuza za complement, ena adali pa funso lija lakuti nthendayi imasankha yani. Yankho loyamba lidachokera ku mankhwala a chifuwa chachikulu otchedwa isoniazid, amene akugwiritsidwabe ntchito kuno. Madokotala adaona kuti anthu ena amachotsa isoniazid m'magazi mwamsanga pamene ena amachedwa. M'chaka cha 1960, David Price Evans ndi anzake a ku Baltimore adaonetsa kuti zimenezi munthu amatengera kwa makolo ake. M'chiwindi muli puloteni, imene lero imatchedwa NAT2, yomwe imaveka mankhwala kachisoti kotchedwa acetyl kuti afooke ndi kutuluka m'thupi. Ena amabadwa ndi NAT2 yachangu, ena yaulesi. Pakati pa anthu a ku Ulaya, pafupifupi theka ndi ochedwa. Ku Japan ochedwa ndi pafupifupi mmodzi mwa anthu 10 alionse. Mu Africa chiwerengerochi chimasiyana malo ndi malo, koma ochedwa ndi ambiri ndithu.

Hydralazine amadutsa pa chipata chomwechi. M'chaka cha 1970, Perry uja wa ku St. Louis ndi anzake adaonetsa kuti pafupifupi onse odwala lupus ya hydralazine adali a gulu la ochedwa. Anthu awiri angamwe piritsi lofanana, koma m'magazi a wochedwa mumatsala mankhwala ambiri osavala kachisoti.

M'chaka cha 1980, Richard Batchelor ndi anzake a ku London adawonjezapo zina ziwiri. Adapeza kuti amayi amagwidwa kwambiri kuposa abambo, ndiponso kuti pafupifupi atatu mwa odwala anayi alionse adali ndi chizindikiro china cha chibadwa chotchedwa HLA-DR4, chimene mwa anthu wamba sichipezeka mochuluka chotero.

Pofika nthawi imeneyi madokotala adali atatsitsa kale mlingo kufika pa mamiligalamu 200 pa tsiku, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti vuto latha. Koma m'chaka cha 1984, Cameron ndi Ramsay a mumzinda wa Sheffield adatulutsa zotsatira za odwala 281 amene adawalondola. M'zaka zitatu, pafupifupi 7 mwa 100 alionse adadwala lupus. Mwa omwa mamiligalamu 50 pa tsiku padalibe ndi mmodzi yemwe. Mwa omwa 100 adali pafupifupi 5 mwa 100, ndipo mwa omwa 200 adali pafupifupi 10 mwa 100. Mwa amayi omwa mamiligalamu 200, pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse adadwala. Manambalawa adasonyeza poyera kuti ngozi imakwera pamodzi ndi mlingo.

Msampha wa C4

Zonsezi zidafotokoza amene amadwala, koma sizidafotokoze chimene mankhwalawa amachita m'magazimo. Yankho limodzi lidachokera ku sukulu ya ukachenjede ya Oxford, kumene Rodney Porter, yemwe adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1972 chifukwa chofotokoza mapangidwe a antibody, adasonkhanitsa akatswiri ofufuza za complement.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kudadziwika mmene C4 ndi C3 amadzimatira. M'kati mwa puloteni iliyonse muli kamfundo kobisika kokhala ngati msampha wotchera. C4 akadzutsidwa, msamphawo umafwamphuka, ndipo m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso uyenera kugwira chinthu chimene chili pafupi. Ukagwira kam'bulu, ntchito yatheka. Ukaphonya umagwira madzi, ndipo C4 ameneyo watha ntchito, pakuti msampha wake sutcherekanso.

Mayi wina katswiri wa za mankhwala, Edith Sim, adayang'ana mapangidwe a hydralazine ndi isoniazid n'kuona kuti onse awiri ali ndi kamchira kofanana, ka mtundu womwe msampha wa C4 umakonda kugwira. M'chaka cha 1984, iye pamodzi ndi Edward Gill ndi Robert Sim adalengeza mu magazini ya madokotala ya The Lancet zimene adapeza. Atasakaniza mankhwalawa ndi C4 m'timabotolo toyesera, adaona kuti msampha ukafwamphuka umagwira mankhwalawo m'malo mogwira chimene umayenera kugwira. Chizindikiro chija chimamatidwa pa chinthu cholakwika, belo n'kutsala lopanda kanthu. Adaonanso kuti mankhwala amene avekedwa kale kachisoti ka acetyl satha kuchita zimenezi. Apa mbali ziwiri za nkhani zidakumana: munthu wochedwa ndiye amakhala ndi mankhwala ambiri osavala kachisoti, ndipo mankhwala osavala kachisoti ndiwo amalanda msampha wa C4.

Chaka chotsatira, Edith Sim ndi Alex Law adapitirira. C4 ali wa mitundu iwiri, C4A ndi C4B, ndipo C4A ndiye katswiri pomata timibulu. Iwo adapeza kuti hydralazine amakola C4A kwambiri kuposa C4B. Kenaka m'chaka cha 1989 akatswiri a ku London adayesa magazi a anthu amene adadwalapo lupus ya hydralazine, ndipo adapeza kuti pafupifupi atatu mwa anayi alionse adabadwa ndi kambewu ka chibadwa ka C4 kamodzi kapena kuposerapo kosagwira ntchito, pamene mwa anthu ena chiwerengerocho sichidafike theka. Timbewu ta C4 timakhala moyandikana ndi ta HLA-DR4 tija, ndipo kawirikawiri mwana amatilandira pamodzi kwa kholo lake. Chithunzi tsono chidaoneka chotere: munthu wobadwa ndi omata zizindikiro ochepa, chiwindi chake chili chochedwa, akamamwa mankhwala ambiri kwa nthawi yaitali, omata ochepawo amasokonezedwanso, ndipo timibulu timayamba kutsalira m'thupi.

Mutu umodzi susenza denga

Kafukufuku wa ku Oxford sadatseke nkhani. Mlingo wa mankhwala umene udafunika m'timabotolo toyesera udali waukulu kuposa umene umapezeka m'magazi a wodwala. Ndiponso ganizoli likufotokoza chifukwa chimene timibulu timalephera kuchoka, koma silifotokoza chifukwa chimene thupi limayambira kupanga ma antibody olimbana ndi mwini wake. Pafupifupi onse odwala lupus ya hydralazine ali ndi ma antibody olimbana ndi ma histone, amene ndi mapuloteni omwe ulusi wa chibadwa, wotchedwa DNA, umakulungidwapo m'kati mwa selo lililonse.

Mbali imeneyi idaunikidwa ndi ena. M'chaka cha 1988, gulu la Bruce Richardson ku Michigan lidaonetsa kuti hydralazine amachepetsa tizindikiro tina ta pa DNA timene timakhala ngati maloko otseka malangizo osafunika. Malokowo akachepa m'maselo oyera otchedwa T, maselowo amataya mwambo n'kuyamba kuukira maselo anzawo a m'thupi lomwelo. M'chaka cha 1994, gulu la Robert Rubin ku California lidaonetsa kuti maselo ena oyera, otchedwa neutrophil, akadzutsidwa amasandutsa mankhwala oyambitsa lupus kukhala zinthu zaululu zopha maselo. M'chaka cha 2018, akatswiri a ku National Institutes of Health ku Amereka adapeza kuti hydralazine amachititsa ma neutrophil kulavula ukonde wa DNA ndi ma histone. Ukondewu ndi chida chokolera tizilombo, koma ukachuluka umaika pambalambanda zinthu za m'kati mwa selo zimene asilikali a thupi sayenera kumakumana nazo kawirikawiri.

Zikaikidwa pamodzi, zikusonyeza kuti mankhwalawa amakhudza mbali zonse ziwiri. Amathandizira kuti zinyalala zichuluke, ndipo amafooketsa oyeretsa. Mwa anthu ambiri thupi limapirira. Ambiri omwa hydralazine amapezeka ndi ma antibody achilendo m'magazi koma osadwala konse, ndipo kupezeka kwa ma antibody okhawo si chifukwa cholekera mankhwala. Nthenda imabuka mwa ochepa amene mlingo, kutalika kwa nthawi ndi chibadwa zawakumanira.

Pali mtundu wina wa vutoli, wosowa koma woopsa koposa. Mwa anthu owerengeka timitsempha ting'onoting'ono ta mu impso ndi m'mapapo timatupa, ndipo impso zingathe kufa m'masabata ochepa. Pamenepa kuleka mankhwala kokha sikukwanira. Wodwala amafunika mankhwala amphamvu oziziritsa chitetezo cha m'thupi, ndipo amafunika kuwalandira msanga.

Chifukwa chake sadatayidwe

Wina angafunse kuti bwanji mankhwala otere sadachotsedwe m'zipatala. Yankho ndi lakuti phindu lake ndi lalikulu, ndipo kafukufuku adaonetsa malire oyenera kusadumpha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidaika hydralazine pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri, makamaka pothandiza amayi apakati amene magazi awo akwera moopsa. Mayi wobayidwa jakisoni kwa tsiku limodzi kapena masiku owerengeka alibe chifukwa choopera lupus, pakuti nthendayi imafuna miyezi yambiri ya kumwa mosalekeza, kawirikawiri yoposa isanu ndi umodzi.

Kwa odwala mtima wofooka, kafukufuku wa m'chaka cha 2004 ku Amereka, wa anthu akuda 1,050, adaonetsa kuti hydralazine wophatikizidwa ndi mankhwala ena otchedwa isosorbide dinitrate adatsitsa imfa kuchoka pa anthu pafupifupi 10 mwa 100 kufika pa 6 mwa 100. Kusiyanaku kudali koonekeratu kotero kuti kafukufukuyo adaimitsidwa nthawi yake isanakwane, kuti odwala onse alandire mankhwalawo. Ndipo kufufuza kukupitirirabe. M'chaka cha 2025, akatswiri a ku University of Pennsylvania adalengeza zimene adapeza zokhudza puloteni yotchedwa ADO, yomwe imamva kuchepa kwa mpweya wabwino m'maselo: adaonetsa kuti hydralazine amaigwira ndi kuiletsa ntchito. Patapita zaka zoposa 70 mankhwalawa ali m'manja mwa madokotala, njira imene amamasulira mitsempha ikuululikabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zoyenera kudziwa wodwala

M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi WHO, udachita kafukufuku amene adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi adali ndi magazi othamanga, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Ochuluka mwa olandira chithandizo amayamba ndi mapiritsi ena. A hydralazine amawonjezedwa pamene enawo alephera kapena pamene mtima wafooka. Kwa amene akumwa mapiritsiwa, kafukufuku wa zaka zonsezi wasiya malangizo omveka.

Mlingo umene dokotala walemba ndiwo malire. Kuwonjeza piritsi chifukwa mutu ukuwawa, kapena kugawana mapiritsi ndi mnansi, ndi kudziyandikiza dala ku ngozi imene manambala a ku Sheffield adaonetsa.

Zizindikiro za nthendayi zimanamiza. Kuno, kutentha thupi ndi kuphwanya molumikizana mafupa aliyense amati ndi malungo, ndipo kwa wachikulire amati ndi nyamakazi. Munthu womwa hydralazine kwa miyezi yambiri, amene akumva zoterezi mobwerezabwereza koma akayezedwa malungo sapezeka, kapena amene akumva chibayo popuma, akutuluka zidzolo, akuonda popanda chifukwa, ayenera kupita ku chipatala atanyamula kabuku kake ndi mapiritsi onse amene akumwa, kuti woona odwala adziwe poyambira. Mkodzo wofiira kapena wa thovu, kutupa nkhope ndi kutsokomola magazi ndi zizindikiro zosafunika kugona nazo.

Koma wodwala asaleke mankhwala payekha. Magazi othamanga akasiyidwa opanda choletsa amapha ndi kupuwalitsa anthu ambiri kuposa lupus ya hydralazine. Dokotala ndiye angachotse mapiritsiwa n'kuikapo ena, ndipo zikatero odwala ambiri amachira m'masabata owerengeka, ngakhale ma antibody aja amatsalira m'magazi kwa miyezi kapena zaka. Safunsa adadya phula.

Madokotala a ku St. Louis adayamba ndi kumvetsera madandaulo a odwala awo, ndi kukhulupirira kuti kuwawa kwa zala kwa munthu wodwala nthenda ya magazi kuli ndi chifukwa chake. Kuchokera pamenepo ena adawerenga odwala, ena adayesa chiwindi, ena adasuzumira m'kati mwa puloteni imodzi ya m'magazi. Chifukwa cha ntchito yawo, mlingo wa hydralazine udatsitsidwa, anthu oyenera kuwayang'anira mwatcheru adadziwika, ndipo kabotolo kaja kakadali m'kabati ya ku chipinda cha amayi oyembekezera, kudikira mayi wina amene adzafike usiku magazi atakwera.